Mipando Yonse Yafiira

Mtsikanayu anthu ankamutchula kuti Sizasi. Ena ankati dzinali linabwera chifukwa cha manja ake, pakuti m'shedi ya bambo ake, momwe ankakhoma ndi kukuta mipando ya sofa, munalibe wodula nsalu mowongoka ngati iye. Ena ankati ayi, ndi pakamwa pakepo. Onsewo ankanena zoona.

Koma masana amenewa pakamwa paja panangoti yasa, mawu osatuluka. Anali m'chipinda chophunziriramo kompyuta, pamwamba pa sitolo ya penti, momwe fungo la penti linkakwera ndi masitepe n'kudzakhala nawo m'phunziro. Pa sikirini ya laputopu yake panali mpando. Mpando wa miyendo inayi, wa mikono yake iwiri, wansalu yotuwa, ndipo unatuluka m'mawu amene iye mwini analemba.

"Lembaninso mzere womwewo," anatero mphunzitsi ali kumbuyo kwake.

Mphunzitsiyu anali mnyamata wamtali, wowonda, amene ophunzira ankamutcha Magalasi chifukwa magalasi ake sankakhazikika pamphuno. Akamayendera ophunzira ankapinda manja kumbuyo ngati mlonda wa pageti. Sizasi ankamukonda, ndipo anali asanauzepo munthu aliyense.

Analemba mzere uja kachiwiri. Mpando wina unatulukira pambali pa woyamba. Analembanso. Wachitatu!

 Kwa milungu yambiri ankangomva mawu akuti kalasi ndi obujekiti, mutu n'kumauma. Lero zinalowa zokha. Kalasi ndi patani, ngati zija za pepala lolimba zimene bambo ake amakoleka pamsomali. Patani palibe amakhalapo. Obujekiti ndiye mpando weniweni wopangidwa motsata pataniyo. Bambo ake mpando umodzi ankautayira thukuta mpaka malaya kumamatira kumsana, koma iye apa wangoti "badwa," mpando n'kubadwa. Anachita mantha pang'ono, mantha okoma.

"Aphunzitsi," ananong'ona, "zimenezi anthu amazizolowera?"

"Ine sindinazizolowerebe," anayankha Magalasi.

Chimwemwecho chinali ndi chifukwa chinanso. Kasitomala wina wapakamwa anali atawaona awiriwa akuyenda limodzi kupita pokwerera basi, pang'onopang'ono ngati miyendo ndi yobwereka, ndipo anakatula nkhaniyo kushedi. Bambo ake sanazengereze. "Kodi kumeneko ukuphunzira kompyuta kapena ukuphunzira mnyamata wamagalasi? Loweruka undionetse chimene wapanga ndi manja akowa. Ndikapeza kuti palibe, kapena akukupangira ndi iyeyo, masitepe amenewo suwapondanso." Kwa Sizasi, kusiya masitepewo kunali kusiya Magalasi, chifukwa kwina kokumanirana kunalibe.

Tsamba limene ankapangalo linali loti kasitomala aziona mipando pa intaneti n'kusankha mtundu wa nsalu. Pansi pa mpando uliwonse anaikapo mabatani a mitundu. Analoza mpando woyamba, nadina kuti ufiire.

Mipando yonse itatu inafiira psuu.

Anadina wachiwiri kuti ubiriwire. Yonse biriwiri, ngati ana asukulu atavala yunifolomu. Anafufuza uthenga wofiira uja umene kompyuta imatulutsa munthu akalakwitsa. Uthenga umenewo ankadana nawo, komabe unkamulozera mzere wolakwika. Lero kunali zii. Kwa kompyuta zonse zinali bwinobwino.

"Aphunzitsi, yapenga iyi."

"Siinapenge. Ikuchita zimene mwaiuza."

"Ine ndauza mpando umodzi."

"Mukutsimikiza?"

"Tandikonzerani, chonde. Mukudziwa za Loweruka."

Magalasi anawerama n'kuwerenga khodi yake, mizere ya malamulo imene analembera kompyutayo, kuchokera pamwamba. Sizasi anaona kamwetulira kakusuzumira pakona pa milomo yake, nadziwa kuti walipeza vutolo. Koma manja aja sanachoke kumbuyo.

"Ndaliona," anatero. "Koma sindikuuzani."

Asanayankhe, mawu anamveka kuchokera pawindo. "Aphunziiitsi! Kunonso zakana!"

Ameneyo anali Zikhadabo, mwana wa mwini nyumba yonseyo. Zikhadabo zake zinali zazitali, zopaka utoto wonyezimira, moti akati adine batani limodzi ankadina awiri. Magalasi anapita, anakoka mpando, anakhala pansi, anatembenuzira laputopu ya mtsikanayo kwa iye n'kuyamba kulemba. Manja omwe aja amene kwa Sizasi ankabisala kumbuyo, apa anali kuthamanga pa kiyibodi. Nsanje inamugwira Sizasi.

* * *

Sizasi ndi Zikhadabo anakumana pamasitepe potuluka.

"Asisi, musadandaule," anatero Zikhadabo akupukusa makiyi pachala. "Amuna ndi choncho. Amene amamukonda safuna kuti avutike."

"Ndaona, asisi. Tsiku la satifiketi muwauze alembepo dzina lawo."

Linali yankho labwino, ndipo Zikhadabo anangotsonya. Koma Sizasi anafika pansi mtima ukuwawa, chifukwa mawu a mnzakeyo anali atalowa kale. Sanadikire Magalasi. Anakwera basi yoyamba imene inaima, ngakhale inali yodzaza moti anaima ndi mwendo umodzi.

Foni inanjenjemera ali m'njira, uthenga wochokera kwa Magalasi.

"Mwandisiya."

"Munali otanganidwa ndi ntchito yamanja."

"Mwakwiya."

"Ayi. Ndangofiira ngati mipando yanga."

Atafika kunyumba anatsegula laputopu patebulo la pabalaza, nsapato asanavule. Ngati patani imodzi ikuvuta, anaganiza, basi mpando uliwonse ukhale ndi patani yake. Anakopera khodi yonse katatu, chilichonse ndi chilichonse, n'kusintha mayina. Tsamba linatalika ngati chingwe choyanikira zovala, koma zinagwira. Wofiira, wobiriwira, wachikasu. Anajambula kanema n'kumutumizira Magalasi popanda mawu aliwonse, kuti amve kuwawa.

Yankho silinachedwe. "Zikugwiradi. Nanga bambo akati mipando ikhale yodzaza tsamba lonse?"

"Ndikopera mpaka idzaze."

"Kenako akati miyendo yatalika, ifupikitseni?"

Sizasi anawerenganso funsolo. Akanayenera kufupikitsa miyendo ya mpando uliwonse paokha, ndipo akaiwala umodzi, umenewo ukanatsala wautali ngati nyamalikiti. Mnyamatayo ankanena zoona, ndipo palibe chopweteka ngati munthu amene wakukwiyitsa akamanena zoona. Anafufuta zonse anakopera zija. Mipando inabwerera ku yunifolomu yake.

Mayi ake, amene ankapinda zovala pampando wapafupi, anamuyang'ana cham'mbali. "Chikukudwalitsa mutu ndi makinawo kapena mwini makina?"

"Amayi!"

"Ndangofunsa. Ine bambo akowa ndinawadziwira pokawapatsa mpando wothyoka. Mpando umenewo ndinauthyolanso ndekha kawiri."

* * *

M'mawa mwake bambo ake anamuitanira kushedi. Munali mafelemu atatu atandanda, siponji atamata kale, akudikira nsalu. Fungo la guluu linali tho. Bambo akewo anali munthu wamfupi, wa mapewa otambalala, amene pensulo inkakhala kukhutu kwawo kuyambira m'mawa mpaka madzulo.

"Tenga mpukutu wabuluu uwo, udule ya itatu yonseyi."

Sizasi anatambasula mpukutuwo pamwamba pa mipando yonse itatu kuti aone ngati ukwanire. Maganizo ake anali kwina. Bambo ake podutsa anagwira nsonga ya nsaluyo kuti aimve kulimba kwake, n'kuikoka pang'ono. Nsalu inayenda pa mpando woyamba. Inayendanso pa wachiwiri, ndi pa wachitatu, nthawi imodzi.

Sizasi anayang'anitsitsa nsaluyo, sizasi ili m'manja.

Mipando inali itatu, koma nsalu inali imodzi. Ukakoka apa, kukokeka ponseponse.

"Sindinadule," anatero ngati akulota.

"Ndikuona kuti sunadule. N'chifukwa chake ndikuti dula."

"Bambo, sindinadule!"

Anaponya sizasi patebulo n'kuthamangira m'nyumba, bambo ake akumuitana kumbuyo kuti kodi mwanayu wayamba liti misala.

Anatsegula khodi yake. Ndipo vuto linali pomwepo, pamwamba penipeni, poonekera aliyense. Nsalu anaipanga kamodzi kokha, kunja kwa patani, ndipo mpando uliwonse ukamabadwa unkangogwira nsalu yomweyo. Akamati akusintha mtundu wa mpando woyamba, ankasintha mpukutu wonse. Kompyuta sinalakwe ngakhale pang'ono. Inamumvera mokhulupirika kuposa mmene iye ankadzimvera.

Anachotsa mzerewo pamwamba paja n'kuulowetsa m'kati mwa patani, pamalo pamene mpando umabadwira, kuti uliwonse uzibadwa ndi chidutswa chakechake chatsopano. Unali mzere umodzi wokha. Anapuma mozama, nadina.

Woyamba unafiira. Enawo anakhala phee, otuwa, osagwedezeka.

Anadina wachiwiri, unabiriwira wokha. Analemba kuti ibadwe yambiri, ndipo mipando inadzaza tsamba lonse mbwee, uliwonse ndi nsalu yake. Anafupikitsa miyendo pamalo amodzi, yonse inafupika pamodzi. Misozi inalengeza m'maso mwake. Anali asanaonepo chinthu chomvera chonchi, choti chimene mwagawana chimasintha kwa onse, chimene chili chako chimakhala chako, ndipo malire ake amaika ndi munthu ndi dzanja lake. Anakhala pamenepo akudina mitundu ngati mwana, mpaka bambo ake anadula okha nsalu ija akung'ung'udza.

* * *

Tsiku lotsatira anafika kuchipinda chophunzirira ena asanabwere. Magalasi anali akupukuta bolodi. Sizasi sanapereke moni. Anangoika laputopu patebulo n'kuitembenuzira kwa iye.

Magalasi anadina mpando umodzi, kenako wina. Anatsegula khodi n'kuiwerenga mpaka pansi. Atafika pamzere uja anavula magalasi, anawapukuta ndi malaya, anawavalanso n'kuwerenganso.

"Wakuuzani ndani?"

"Mpukutu wa nsalu."

Anakhala pansi pang'onopang'ono. "Ine vuto limeneli litandigwira, ndinalimbana nalo mpaka ndinagonja. Anachita kundiuza mphunzitsi wanga, ndipo atandiuza ndinangoloweza, kumvetsa kunabwera pambuyo. Inu mwaliona ndi maso anu." Ankamuyang'ana ngati akumuona koyamba, ndipo Sizasi anamva kutentha kumaso.

Koma mkwiyo unali usanathe. "Mukanandiuza dzana, sindikanavutika. Ena mumawalembera. Kapena manja anuwo amasankha zikhadabo?"

Magalasi anaseka, kenako anaona kuti mnzakeyo sakuseka, nasiya.

"Mukufuna zoona? Ujayo ndimamulembera chifukwa ndikamulembera amanyamuka msanga. Safuna kudziwa, amafuna zithe. Ndiye ndimazithetsa." Anakankhira magalasi m'mwamba. "Inu ndimafuna muchedwe. Chinthu chikamalowa m'mutu mwanu nkhope yanu imasintha, nsidze zimakwera, mumaiwala kupuma. Ine ndimaima kumbuyo kwanu kudikira zimenezo. Manja ndimawabisa chifukwa ndikawamasula ndikulandani chinthu chimene chili chanu."

Sizasi anayang'ana pansi.

"Ndimakukondani," anatero Magalasi. "Ndayesa kuzinena pokwerera basi kambirimbiri, koma basi imabwera msanga."

"Imachedwatu basi ija," anayankha motsitsa mawu. "Inu ndi amene mumachedwa kuposa."

Onse anaseka, ndipo mnyamatayo anatulutsa dzanja limodzi n'kuliika pamwamba pa la Sizasi. Linali lofunda, la fumbi la choko. Pamasitepe panamveka makiyi akulira, ndipo manja awo anasiyana Zikhadabo asanalowe. Mtsikanayo anaima pakhomo, anayang'ana uyu, anayang'ana uyo, nakakhala pawindo osaitana mphunzitsi tsiku lonse.

Potuluka Sizasi ananong'oneza Magalasi. "Mawa mubwere kushedi. Bambo akuti akufuna akuoneni ndi maso."

* * *

Magalasi anafika atavala malaya ositidwa bwino, moti mizere yake ikanatha kudula chala. Anapereka moni mwaulemu wonse. Bambo a Sizasi anamuyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumagalasi.

"Ndinu aphunzitsi aja? Mwafika bwino. Tabwerani mundithandize." Anamutengera kukona ya shedi, kutali ndi tebulo, komwe kunali mpando wothyoka mwendo. Anapaka guluu, analumikiza mwendowo. "Gwirani apa ndi manja onse awiri. Musasiye mpaka nditanena, guluu ameneyu amachedwa kugwira."

Mayi a Sizasi, amene anaima pakhomo, anabisa kuseka ndi dzanja. M'shedimo munali zopanira matabwa zambirimbiri zitapachikidwa pakhoma.

Sizasi anatsegula laputopu pakati pa zidutswa za siponji. Anaonetsa mipando, anaonetsa mitundu. Bambo ake anapinda manja pachifuwa.

"Zimenezi mwina anakupangira dzulo mphunzitsiyu, iwe n'kuloweza podina. Ndikufuna chimene kulibe. Ndipangire sofa ya anthu atatu, pompano, ine ndikuona."

 Sizasi anacheukira kukona. Magalasi anali atagwada, manja onse pa mwendo wa mpando, magalasi atatsetsereka mpaka kunsonga ya mphuno popanda wowakweza. Sakanamuthandiza ngakhale akanafuna.

Anayamba kulemba. Sanayambirenso pachiyambi. Anapanga patani yatsopano yobadwa kwa yakale ija, yotengera miyendo, mikono ndi kadulidwe ka nsalu kwa kholo lake, iye n'kungowonjezera utali ndi makushoni. Atadina, uthenga wofiira unatulukira. Bambo ake anakhosomola. Sizasi sanatekeseke. Anauwerenga modekha, naona kuti mwanayo wayamba kudzikonza asanaitane kholo lake kuti liyambe lamupatsa zake. Anawonjezera mzere woitana kholo, nadinanso.

Sofa yaitali inatambalala pa sikirini.

"Mikono ichepe," anatero bambo ake, mawu atasintha. Inachepa. "Miyendo ya mipando yonse ikhale yopindika." Anakonza pamalo amodzi, ndipo mipando yonse inapinda miyendo, sofa ija nayonso, ngakhale sanaikhudze.

"Iyi sunaiuzetu."

"Yatengera kwa kholo lake, bambo."

Bamboyo anachotsa pensulo kukhutu n'kuiika patebulo, chinthu chimene Sizasi anali asanachionepo dzuwa lili m'mwamba. Anakhala pa mulu wa siponji. Anatambasula chala chokakala ndi guluu wouma n'kukhudza sikirini mosamala, ngati akuopa kuti sofayo ithawa.

"Mayi a ana, tabwerani muone." Anawalozera sofayo. "Ine kasitomala akafuna kuona sofa, ndimayamba ndaikhoma. Akaikana, matabwa apita, nsalu yapita. Zaka zonsezi. Mwanayu akuipanga ndi mpweya, akuiphwasula ndi mpweya. Mwana wangayu, wobadwira m'fumbi la matabwa muno!"

Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. Sizasi anafuna kuvina. Wapambana, masitepe aja ndi akebe. Anamwetulira Magalasi, ndipo iye anamwetuliranso ali chigwadire.

Bamboyo anadzuka n'kupita kukona. "Aphunzitsi, ndinakuganizirani zoipa. Mundikhululukire. Mwagwira ntchito."

"Ntchito wagwira ndi iyeyo, bambo."

"Ndaona. Ndiye ndikufunseni monga mwamuna mnzanga, ndipo mundiyankhe zoona. Zatsala zoti aphunzire?"

"Zambiri, bambo. Zimenezi sizitha."

"Chabwino. Zotsalazo, popanda inu sangazithe? Mutu wakewu ukufunikabe munthu woima kumbuyo kwake?"

 Sizasi anazindikira kumene funsolo linkalowera. Anamuyang'anitsitsa Magalasi, maso ake akuchonderera. Nenani kuti sindingathe. Nenani kuti ndine mbuli, kuti popanda inu ndisochera. Kanali kabodza kakang'ono, ndipo iye akanakakhululukira pomwepo.

Magalasi anamuona. Anamva zonse zimene maso aja ankapempha. Anayang'ana sofa ili pa sikirini, anayang'ana mayi ali pakhomo ndi bambo amene misozi inali isanaume. Kuti asunge mtsikanayu, anayenera kumuchepetsa pamaso pa makolo ake, tsiku lomwe iwo anamuona kukula kwake. 

"Angathe, bambo," anatero. "Angathe yekha. Sindinaphunzitsepo munthu ngati iyeyu."

Palibe amene anamuyamikirapo Sizasi chotere pamoyo wake wonse, ndipo palibe mawu amene anamupwetekapo ngati amenewa.

"Basi, mwanena nokha," anatero bamboyo mokondwa. "Sukulu yatha. Kuyambira Lolemba akhala muno, tebulo ndimukhomera lero lomwe. Kumtunda kuja sapitakonso." Anamusisita Magalasi paphewa. "Siyani mwendowo, achimwene, guluu anagwira kalekale. Tiyeni ndikuperekezeni."

Magalasi anasiya mpandowo n'kuimirira. Anatsegula pakamwa kuti atsanzike, koma dzanja la bamboyo linali kale kumsana kwake, likumulondolera kukhomo. Sizasi anadzuka kuti awatsatire.

"Iwe khala," anatero bambo ake osacheuka. "Undipangire ina ya pakona, ndikufuna ndiipeze pobwera."